Momwe tinaikira ma turbo awiri pa V8 ya mu Cressida yanga

Cressida yanga ya 1990 inayenda chaka chathunthu ndi injini ya 1UZ-FE, ija timangoti Lexus V8, ndisanayambe kulota za turbo, kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi wa ekizozi kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini kuti iwonjezere mphamvu. Injiniyi ndi ya malita 4, masilinda 8, ndipo yangayi ndi yoyambirira ija, yopangidwa 1995 isanafike, nthawi imene Toyota inkaikamo ma conrod (timikono togwira mapisitoni) onenepa, otha kupirira mphamvu ya turbo. Chimenecho ndicho chinandilimbitsa mtima. Vuto linali malo. V8 ikalowa mu Cressida imadzaza chipinda chonse cha injini, ndipo manifold a turbo (mapaipi otenga utsi ku injini kupita nawo ku turbo) oti angokwana m'galimoto ngati imeneyi sindinawapeze ogula. Panafunika kudula ndi kuwotcherera tokha.

Kusankha ma turbo sikunandivute. Mbali iliyonse ya injini ili ndi masilinda anayi, omwe ndi malita awiri, ndiye ndinafuna turbo yochokera pa injini ya malita awiri. Mlamu wanga wa ku Joni anandipezera ma Garrett T28 awiri ochotsedwa pa Nissan 200SX, okhala ndi wastegate yake (kachitseko kolambalalitsa utsi kuti turbo isapope mopitirira) m'kati momwemo, n'kuwakweza basi limodzi ndi ma flange (zimbale zachitsulo zomangirapo mapaipi) a mamilimita 12 ndi ma bend (mapaipi okhota) a steam pipe. Stainless ndinaisiya dala. Imaoneka bwino pa zithunzi, koma poiwotcherera imafuna argon kunja ndi m'kati mwa paipi momwe, ndipo botolo la argon si lamasewera. Steam pipe ndi chitsulo wamba chokhuthala kupitirira mamilimita atatu, chimapirira moto ndipo sichinyada.

Wowotcherera ndinamupeza ku Ndirande, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito zaka zambiri pa mapaipi a boyila m'mafakitale a tiyi. Ndinafika ndi pepala nditajambula kale manifold, ndikudzimva. Iwo anayang'ana pepalalo kamodzi kokha.

"Achimwene, mwayambira kumchira. Turbo ikhale kaye pamalo pake, paipi ndiyo izibwera kudzaipeza."

"Nanga tiikoloweka pati, madala, manifold kulibe?"

Sanandiyankhe. Anatola zidutswa za chitsulo chomangira nyumba, n'kugwiriza flange ya turbo ku chasisi ndi timadontho tiwiri ta welding, turbo n'kulendewera m'malere kutsogolo kwa injini. Pamwamba pake anaikapo chibuluma cha dongo, tinatseka boneti, potsegula dongolo linatiuza mpata umene watsala. Tinachita zimenezi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mbali iliyonse. Tsiku loyamba linathera pomwepo, popanda paipi ngakhale imodzi yodulidwa, ine mtima uli phaphapha poganiza kuti ndikulipira munthu woumba dongo.

Kumanzere kunali kofewa. Ndinachotsa kompuresa ya AC, malo n'kupezeka. Mwezi wa Okutobala ndimaikumbukira kompuresayo, koma zinatha. Batire nalo linasamukira ku buti. Kumanja ndiko kunali nkhondo, chifukwa galimoto zathu chiwongolero chili komweko. Shafiti ya chiwongolero imadutsa pansi pa ma port (mabowo otulukira utsi) a kumbuyo, master cylinder ya mabuleki ili pamwamba pake, kutsogolo kuli pampu ya power steering ndi olotaneta pansi pake. Mwayi umodzi wokha pa injini iyi ndi woti sitata imabisala pakati pa V, kunsi kwa intake manifold, ndiye siikusokoneza m'mbali. Manifold ataliatali opotana aja sakanakwana. Tinapanga log manifold, paipi imodzi yoyenda m'mbali mwa head ndi timapaipi tinayi tatifupi tolowamo, yonse yolozera kutsogolo.

Chidutswa chilichonse ankachidula, kuchinola m'mphepete ndi gulayinda kuti welding ilowe m'kati, n'kuchigwiriza ndi timadontho basi. Tikatero timamanga pa injini, kuzungulitsa chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku, kuyesa ngati sipanala ikufika pa nati iliyonse ndiponso ngati mapulagi angatuluke. Kawiri konse tinathyola timadontho n'kuyambiranso, kamodzi chifukwa nati yakumbuyo inalibe polowera sipanala. Zikanakhala zowotchereratu, bwenzi titataya ma bend amene anachokera kutali.

Powotcherera kwenikweni anamanga flange pa head yakufa imene ndinagula kwa ogulitsa zitsulo zakale, ndi mabawuti onse olimba. Amawotcha pang'ono kutsogolo, kulumphira kumbuyo, kusiya kuti chizizire, ndipo sanamasule mpaka m'mawa mwake. Ngakhale zinali choncho, flange ya kumanja inapindika pang'ono moti tikaika rula kuwala kumaoneka pansi. Ndinapita nazo zonse ziwiri kwa ochekera ma head kuti aziwongole pa makina. Magetsi anazima masana awiri sabata imeneyo, madala n'kumangosenda chinangwa pansi pa mtengo.

Chinthu china chimene sindinachiganizire n'choti ma turbo awiriwo ndi ofanana ndendende, pomwe mbali za injini zimayang'anana. Imodzi inafunika kumasula ndi kuzungulitsa makoko ake kuti pakamwa pa mpweya paloze koyenera. Ukatero, kabulaketi kogwira actuator (kachitini ka sipuling'i kotsegula wastegate) sikagwirizananso ndi mabowo ake. Tinapanga kena, kenako tinayesa ma actuator onse awiri ndi pampu ya njinga yokhala ndi geji kuti azitseguka pa mphamvu imodzi, pafupifupi 0.5 bar. Imodzi ikamatseguka msanga, inzakeyo ndiyo imasenza katundu yense.

Tsopano cholakwa changa. Oyilo wolowa mu turbo tinamutenga pa bowo la switchi ya oil pressure pafupi ndi fyuluta, n'kumugawa pawiri, ndipo sanavute. Wotuluka ndiye alibe pampu yomukankha, amangotsika yekha ngati madzi a m'ngalande, ndipo amatuluka ali thovu. Paipi yake iyenera kukhala yaikulu, ifeyo tinaika ya mamilimita 16, izitsetsereka njira yonse, ndipo ilowe mu sampu, mphika wa oyilo wa kunsi kwa injini, pamwamba pa pomwe oyilo amalekezera. Madala anandiuza kuti tichotse sampu ya pamwamba, ya aluminiyamu ija, tiwotcherere polowera pamalo okwera. Kuchotsa sampuyo kumafuna kukweza injini, ine ulesi unandigwira. Ndinati tibowole ka sampu kachitsulo ka pansi, kosavuta kumasula.

"Galimoto ndi yanu, achimwene," anatero, n'kuwotcherera momwe ndinanenera.

Tsiku loliza injini, patangotha mphindi zochepa, utsi wabuluu unadzaza bwalo lonse mpaka amayi ogulitsa mandasi kutsidya anasamutsa beseni lawo. Ndinatulutsa foni kuti ndimukalipire mlamu kuti wandigulira zakufa. Madala anangoloza pansi ndi waya wa welding. Oyilo amalephera kutsika chifukwa polowera pake panali pomira kale, ndiye amabwerera n'kudutsa m'ma seal kulowa mu ekizozi. Tinakweza injini, kuchotsa sampu, kuwotcherera timapaipi tiwiri pamwamba, kutsuka bwinobwino kuti pasatsale kachitsulo, n'kutseka mabowo anga aja. Masiku awiri anapita, kuphatikizapo oyilo watsopano. Utsi unapitirira kanthawi pomwe wotsalira m'mapaipi amapsa, kenako unaleka.

Zotsalazo zinayenda msanga. Turbo iliyonse tinaipangira chochirikiza chochokera pa injini kuti kulemera kwake kusang'ambe manifold. Ma downpipe, mapaipi otulutsa utsi ku ma turbo, tinawaika flex (kachigawo kotha kupindika), ndipo wa kumanja, amene amadutsa pafupi ndi mabuleki, tinamukulunga ndi nsalu yoletsa kutentha n'kuikanso chimbale cha aluminiyamu pakati. Mawaya a mapulagi ochokera ku ma distributor awiri akutsogolo tinawasunthira kutali ndi moto. Mapaipi a madzi a ma turbo tinawalumikiza ku mzere wa hita. Intercooler, yoziziritsa mpweya wochokera ku ma turbo, ndi yolowera kuwiri, yotulukira kumodzi, ndipo kumapeto kwa paipi iliyonse madala anayendetsa kamzere ka welding kuti payipi ya silikoni isavuke boost (mphamvu ya mpweya wa turbo) ikabwera. Tisanatuluke tinatseka pakamwa pa ma turbo, kupopera mpweya ndi kompuresa, n'kuwaza madzi a sopo polumikiza paliponse. Thovu linatuluka malo atatu, amodzi mwa iwo kabowo kochepa ngati nsonga ya singano.

Panopa ikuyenda ndi kompyuta ya Spitronics, ma injector okulirapo ndi pampu ya petulo yatsopano, pa boost ya sipuling'i ya actuator yokha. Ndisanaipondereze pa chitunda chilichonse ndikudikira geji ya wideband, yoonetsa ngati petulo akukwanira pa mpweya wolowa mu injini, imene mlamu akuti aikweza basi ya Lachisanu.