Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Wotolera ngongole atayimbira amayi kumudzi

Gawo lapita lija ndinalekezera poti ntchito yanga ya udalaivala ku Moatize inatha kumapeto kwa 2016, kampani yaing'ono ija yonyamula antchito kupita ku mgodi wa malasha itachotsa anthu ambirimbiri. Lero ndikambe za kartawu ya kredito, khadi la ngongole la ku banki, chifukwa nkhani imeneyi inandiwondetsa kuposa kutha kwa ntchito komweko.

Kartawu ija anandipatsa ndi a banki yomwe ndinkalandirirako salariyo, nthawi ija malasha ali pachimake, munthu ukangoonetsa kontrato ya ku mgodi a banki amachita kukuthamangira. Limite yake, malire a ndalama zomwe ndikanatha kukongola, inali 60 mil, kutanthauza metikali 60,000. Ndinagulira malata a nyumba yathu ku Matundo mu mzinda wa Tete, geleira (firiji), ndi mankhwala a amayi atadwala miyendo, palibe yomwe inapita ku mowa. Mwezi uliwonse banki inkadula yokha kandalama kochepa kaja amati pagamento mínimo, ngongole yeniyeni n'kumangokhala pompo ikubereka chiwongola dzanja. Salariyo itasiya kulowa, kudulako kunaima, kubereka kokha n'komwe sikunaime.

Ndipo chaka chake chinali choipa abale. 2016 ndi chaka chimene ngongole zobisika za boma zija, dívidas ocultas, zinaululika, pafupifupi madola 2 biliyoni, a IMF ndi maiko otithandiza anaimitsa thandizo, metikali inagwa moti dola yomwe inali pa 40 ndi kanthu kumayambiriro kwa chaka inadutsa 70. Banco de Moçambique inakweza chiwongola dzanja kuti mitengo ikhazikike, mabanki onse anakwezanso, ndiye ife a ngongole tinapsa kawiri, kumsika wa Kwachena mafuta ophikira ndi sopo zakwera, ku banki nako kwakwera.

Patapita miyezi ingapo banki inapereka nkhani yanga kwa kampani ina yotolera ngongole, ndipo m'pamene anayamba kundivutitsa bambo wina wa kampaniyo. Ankayimba m'mawa ana asanapite ku sukulu, masana, usiku tikudya nsima, nambala n'kumasinthasintha kuti ndisamudziwe. Ankayamba ndi Chipwitikizi, "Senhor, tem dívida" (bambo, muli ndi ngongole), kenako Chinyungwe, atamva kalankhulidwe kanga kuti ndine wa ku Angónia anayamba Chichewa chothyokathyoka kuti mawu alowe bwino. Ati mawa tikubwera ndi apolisi, tidzatenga geleira, tidzazula malata, dzina lanu lili pa lista negra, mndandanda wa osabweza ngongole, dziko lonse. Kenako anabweradi pakhomo, atavala tayi dzuwa la Tete lija lotentha ngati ng'anjo, anaima pageti osalowa n'kumalankhula mokweza dala, azimayi akutunga madzi pampopi wapafupi onse anaimika zidebe kumamvetsera. Akazi anga masiku otsatira ankapita kukatunga kusanache kuopa maso a anthu.

Zonsezo ndinapirira. Chimene chinandithyola ndi tsiku limene anayimbira amayi. Nambala yawo inali pafomu ya banki pamalo paja amati munthu wodziwitsa pakagwa vuto. Amayi ndi munthu wamkulu, wa ku Dómue, banki sanalowemo chibadwire, iwo akamva za apolisi amaona ndende basi. Madzulo foni inalira, mawu awo akunjenjemera.

"Mwanangu, wapalamula chiyani ku Tete kumeneko? Wayimba munthu akuti akumanga. Ndigulitse ng'ombe zija, usalowe m'ndende ine ndili moyo."

Ng'ombe zimenezo ndi ziwiri za pangolo zimene anasiya malemu bambo, ndi zomwe zimalima, ndi zomwe zimanyamula mbatata ya kachewere kupita nayo kumsika ku Ulongue, banja lonse kumudzi limadyera pamenepo. Ine pakamwa panauma. Ndi malume amene analanda foni.

"Iwe, ng'ombe sizituluka m'khola muno. Ngongole ndi yako, ubweza, koma munthu woopseza nkhalamba pafoni ameneyo si boma ayi. Pita kwa odziwa malamulo mawa lomwe."

Ndinawoloka mlatho wa Samora Machel wapansi m'mamawa kupita ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza pa zamalamulo anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Mayi amene anandilandira anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandiuza zinthu zimene mpaka lero ndimauza aliyense. Katundu wa munthu salandidwa ndi wotolera ngongole, kulanda katundu kumene amati penhora amalamula ndi khoti, tribunal, ndipo pamabwera mapepala, munthu umadziwitsidwa. Kulephera kubweza ngongole ya banki si mlandu wotsekera munthu m'ndende. Za dzina zija n'zoona mbali imodzi, mabanki amatumiza mayina a angongole ku Central de Registo de Crédito ya Banco de Moçambique, ndiye banki ina singandikongozenso ngongoleyo isanakonzedwe, koma si apolisi amenewo. Anati ndikapemphe extracto yolembedwa, chikalata choonetsa mmene ngongoleyo yayendera, ndione ndalama yomwe ndinatenga, chiwongola dzanja, ndi chilango cha kuchedwa chimene amati juros de mora, chilichonse pachokha, ndipo ndisapereke ngakhale metikali imodzi popanda risiti.

Mfundo yomalizayi inandipulumutsa sabata yomweyo, chifukwa bambo uja anayimba ndi mawu ofewa, ati achimwene tumizani 5 mil pa M-Pesa pa nambala iyi ine nditseka nkhani kwa mwezi uno. Ndinamufunsa kuti nambalayo ndi ya banki kapena yanu, nanga risiti ndikalandira kuti? Anadula foni.

Ku banki ndinapita ndi BI, chiphaso changa cha unzika, kalata yondichotsa ntchito, ndi kalata yanga yolemba pamanja yopempha kuti tikambirane kabwezedwe, ndinachita fotokopi kuti adinde karimbo pa yanga. Extracto itatuluka ndinakhala pampando ndikuwerenga mzere ndi mzere, ngongole inali itadutsa 90 mil, ndipo gawo lalikulu la zowonjezerazo linali chiwongola dzanja ndi zilango. Ndinauza a gerente, mamaneja a bankiyo, mosabisa kuti kubweza ndikufuna, koma 90 mil ya nthawi imodzi ndilibe, ndipo munthu wanu wadwalitsa mayi anga amene sanasayine pepala lililonse. Anayamba ndi kukana, ati zimenezo amagamula ndi a ku Maputo, ndinabwerera ndithu kangapo ndi kapepala kanga kodinda kaja mpaka yankho linabwera. Anachotsako mbali ya zilango, yotsalayo anaisandutsa ngongole yobweza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, kartawu anaidula ndi sizasi ine ndikuona.

Chimene chimandipwetekabe n'choti njira imeneyi inalipo kuyambira pachiyambi, koma palibe anandiuza, foni zonse zija palibe tsiku limene bambo uja anati bwerani tikhale pansi. Anasankha kuopseza nkhalamba ya kumudzi chifukwa ankadziwa kuti ife ana a ku Angónia tingalolere kugona ndi njala kusiyana n'kuti mayi alire.

Anayimbanso komaliza, ndinamuwerengera nambala ya mgwirizano wanga ndi banki, ndinamuuzanso kuti akadzayimbiranso amayi ndikalemba dandaulo ku banki ndi ku Banco de Moçambique. Sanayimbenso. Ndalama yobwezera mwezi ndi mwezi inachokera pa txopela, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, ya mlamu wanga yomwe ndinayamba kuyendetsa pakati pa Matundo ndi m'tauni, ndipo za txopela imeneyi, ndi mmene tinkagawanira ndalama ndi alamuwo, ndi zomwe ndikambe mu gawo 10.