Tsiku limene ndinapempherera kuti magetsi asabwere

Titabwerako ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti 2023, amalume anandiloza chala pamaso pa abale onse. "Iwe mphwanga, poti uli ndi kompyuta, mbiri ya mbumba yathu usunge ndiwe." Ndinavomera chifuwa chili patsogolo.

Ndinakhala sabata yathunthu kumudzi ku Katete ndikujambula mawu a agogo aakazi pafoni. Ndinajambulanso makhadi a ubatizo odyedwa ndi chiswe, chithunzi cha agogo aamuna atavala chisoti cha ku mgodi wa malasha ku Wankie, ndi mayina a Aphiri onse a kuchikazi kwathu. Zonsezo ndinaziika mu foda yotchedwa MBUMBA pa Google Drive, malo osungira zinthu pa intaneti, n'kuilumikiza laputopu yanga ku Chelstone ndi kompyuta ya asisi ku Chawama, konseko mu Lusaka. Ndikaika chithunzi kuno, chimatulukira uko. Ndinkadzitcha katswiri.

Mu Okutobala 2024, malo aulere a 15 GB a pa Google Drive anadzaza. Ndinati, MBUMBA ili kale kwa asisi, bwanji ndiyichotse kuno? Ndinafufuta. Kenako, poti ndine munthu waukhondo, ndinakhuthulanso bini, momwe zinthu zikanadikira masiku 30.

Mawa lake amalume anaimba. "Chiliza cha agogo ako chikulembedwa Loweruka, tipatse zaka." Ndinafunsa kamnyamata ka kuntchito mmene ndingatengere zinthu kwa asisi. Kanandiyang'ana ngati ndadya ndiwo za alendo.

"Bwana, kulumikiza si kusunga. Zili ngati galasi: mukameta ndevu, wa m'galasiyo nayenso wameta. Kompyuta ya asisi anu ikangogwira intaneti, nayonso ifufuta."

Fulashi yomwe ndinasungamo kope lina inali itadzazidwa kale nyimbo ndi mwana wanga, nkhani imeneyo tiisiye.

Chaka chimenecho madzi anali atachepa ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, ndipo magetsi ankazima nthawi yaitali kuposa yoyaka. Ndinaimbira asisi, foni yozima. Mtima unagunda: ngati foni yafa, ndiye kuti ku Chawama kulibe magetsi, kompyuta sinayake! Ndinakwera minibasi pa Great East Road, kondakitala akuima pa siteshoni iliyonse ngati akupereka moni kwa apongozi. Lusaka yense akulirira magetsi, ine ndekha ndikunong'ona, "Ambuye, asabwere, asabwere." Mayi amene ndinakhala naye anasendera kuwindo.

Nditangolowa pageti, ana a m'komboni anakuwa pamodzi, "Malaiti abwera!" Ndinathamanga. Ndinalumpha mbaula, koma mwendo wotsalira unakola beseni la kapenta amene asisi ankasankha. Ndinalowa pabalaza chokwawa, n'kuzula chingwe choyamba chimene dzanja linagwira. Chinali cha fuliji. Chachiwiri chinali cha TV, ndipo alamu anali atangokhala pansi kuti aonere mpira. Chachitatu ndinazula ndi soketi yomwe.

"Alamu, kwagwanji? Kuli maliro?"

"Musayatse kompyuta! Mbumba yonse ifa!"

Asisi analowa ndi mthiko m'manja, kapenta ali mbwee pakhonde, nkhuku za aneba zikuchita phwando. Ndinafotokoza ndili wefuwefu, bondo likutuluka magazi. Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu mwaulemu.

"Pepani alamu," anatero. "Koma bandulo ya intaneti pano inatha mwezi watha. Sitinagulenso."

MBUMBA inalipo yonse, agogo ndi chisoti chawo. Ndinaikopera pa mafulashi awiri usiku womwewo, imodzi asisi anaitsekera m'chikwama cha makhadi a kuchipatala. Soketi ndi kapenta ndinalipira ndine. Zaka za pachiliza ndinawatumizira amalume, ndipo anayankha kuti zikomo, koma anali atazipeza kale kuchikuto kwa Baibulo la agogo.