Mmene ndimayeretsera bayogasi ndi madzi ozizira

Bayogasi yochokera ku ndowe ndi zinyalala zowola imakhala ndi methane, mpweya umene umayaka, pafupifupi 60 peresenti, ndipo gawo lalikulu lotsalalo ndi carbon dioxide, mpweya umene suyaka. Pouchotsa ndimadalira khalidwe lina la madzi: akazizira kwambiri n'kupanikizidwa pamodzi ndi gasi, amaundana n'kukhala timibulu toyera tonga ayezi, totchedwa hydrate, timene timatsekera mpweya m'kati mwake.

Ndimayamba ndi kudutsitsa bayogasi mu sefa ya makala okonzedwa mwapadera kuti ndichotse hydrogen sulphide, mpweya wapoizoni umene umadyanso zitsulo. Kenako ndimathira madzi m'thanki yachitsulo yolimba, n'kuwaziziritsa mpaka madigiri 2, ndipo ndimaonjezamo mankhwala pang'ono onga sopo otchedwa SDS, ofulumizitsa kuundana.

Nkhani yonse yagona pa kupanikiza. Pa madigiri 0, carbon dioxide payokha imapanga hydrate ikapanikizidwa pafupifupi 12 bar (bar ndi muyezo wa kupanikizika), pamene methane imafuna pafupifupi 26 bar, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti carbon dioxide ilowe m'timibulumo mochuluka kuposa methane. Ndikapopera gasi m'thankimo, ndimayatsa chotakasira n'kuyamba kudikira. Apa m'pamene pamafunika kuleza mtima, chifukwa pamatha kudutsa nthawi yaitali popanda kusintha kulikonse. Mwadzidzidzi chida choyezera kutentha chimakwera pang'ono, popeza hydrate ikamapangika imatulutsa kutentha, pamene muvi wa geji yoyezera kupanikizika umayamba kutsika chifukwa gasi ikulowa m'madzi. Pagalasi loonera mumaoneka zoyera zikukwera m'mbali mwa thanki.

Muviwo ukaima, ndimatsegula mpopi wapamwamba n'kusamutsira gasi yotsalayo, imene tsopano ili ndi carbon dioxide yochepa, m'botolo lina. Ndikatero ndimachepetsa kupanikizika kuti timibulu tisungunuke ndi kutulutsa mpweya umene tinagwira. Madziwo sinditaya, chifukwa madzi amene angosungunuka kumene kuchokera ku hydrate amaundananso msanga.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti methane nayonso imakodwa m'timibulumo, choncho ulendo umodzi sukwanira. Ndimabwereza ntchito yonseyi pa gasi ya m'botolo ija mpaka methane itapitirira 95 peresenti, mlingo umene umafunika kuti gasiyo iyendetse galimoto kapena ilowe m'mapaipi. Mpweya wotuluka posungunula ndimaubwezeranso m'thanki kuti methane yokodwayo isawonongeke, ngakhale kuti kubwereza kulikonse kumadya magetsi ambiri oziziritsira ndi opopera.