Miyezi inayi tikubweza ngongole ya magetsi ya munthu amene sitinamuonepo

Lachisanu lapitali kampani yatsopano ya magetsi ndi gasi inanditumizira uthenga wakuti zonse zatheka, nyumba yathu tsopano ili m'manja mwawo. Ndinauwerenga kawiri ndili m'basi yochokera kuntchito, mtima n'kukhala m'malo koyamba chiyambire Januwale. Ndikulemba izi mkwiyo usanazizire, chifukwa ndikudziwa kuti alipo anzathu ambiri kuno ku Britain amene akukhala m'nyumba zogawana ngati ife, akuthira ndalama m'mita sabata ndi sabata osadziwa kumene zikupita.

Timakhala anthu anayi m'nyumba ya lendi ku Harehills, mu mzinda wa Leeds: ine, amayi ena a ku Mzimba amene timagwira nawo ntchito yosamalira okalamba, achemwali ena a ku Bulawayo, ndi mnyamata wa ku Nigeria amene akuphunzira pa yunivesite. Pangano la lendi ndi limodzi, tinasaina tonse anayi mu Seputembala 2024, ndipo linanena poyera kuti magetsi ndi gasi n'zathu zolipira. Mamita onse awiri ali m'chipinda chapansi panthaka, kozizira ndi kwachinyontho, monga zilili nyumba zakale za dera lino. Ya magetsi imayendera kiyi wa pulasitiki, ya gasi imayendera khadi. Tsiku lolowa, a landilodi anatipatsa kiyi ndi khadi zimene anazipeza pa windo la kukhitchini, amvekere, “Muzikathira ndalama pa shopu ya pakonapo.” Tinalandira ndi manja awiri. Pamenepo ndi pamene panayambira vuto lonse.

Kiyi ndi khadi zimene mwazipeza m'nyumba si zanu. Zili pa akaunti ya munthu amene anatulukamo, ndipo ngati anasiya ngongole, mita imadula ngongoleyo pa ndalama iliyonse imene mwathira. Mita sidziwa kuti m'nyumba mwalowa anthu ena. Ife tinkaganiza ngati kumudzi, kumene umagula mayunitsi a ESCOM pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kulowetsa manambala 20 aja, mayunitsi n'kumakudikira mpaka utayatsa babu. Kuno mita imasunga mapaundi osati mayunitsi, ndipo tsiku lililonse imachotsapo ndalama yotchedwa standing charge, kaya mwayatsa kanthu kaya mwapita kutchuthi. M'chaka cha 2024 ndalama imeneyi inali pafupifupi 60p pa tsiku ya magetsi ndi 30p ya gasi, kusiyanako pang'ono malinga ndi dera. Izi zokha zinatitengera milungu kuti tizimvetse.

Koma ngakhale titawerengera zimenezo, masamu sankagwirizana. Tinkasonkha £15 aliyense Lolemba, pofika Loweruka mita ili kulira. Tinayamba kuyang'anana ndi diso loipa. Amayi a ku Mzimba ankakhulupirira kuti mnyamata uja ali ndi hita yobisa kuchipinda. Iye ankati ndife amene timachedwa pophika nyemba. Tsiku lina achemwali a ku Bulawayo analira misozi yeniyeni atabwera kuchokera ku shifiti ya usiku n'kupeza madzi ozizira. Ichi ndi chimene chimandipweteka kuposa ndalamazo: anthu amene tinkadyera mbale imodzi tinafika pomabisirana mawu chifukwa cha ngongole ya mlendo.

Chapakati pa Januwale, mnzanga wa kuntchito amene wakhala kuno zaka zambiri anandiuza kuti nditsike kumita, ndilowetse kiyi, ndizidina batani la buluu n'kumawerenga zonse zimene zikutuluka. Pa mita yathu tsamba lililonse lili ndi chilembo chake. Pa chilembo S panatuluka £612. Imeneyo inali ngongole yotsala. Pa chilembo T panatuluka £7, ndalama imene inkadulidwa sabata iliyonse. Milungu 17 tili m'nyumbamo, £119 yathu inali itapita kale. Ndinaitana onse atatu kuti atsike adzaone ndi maso awo, ndipo tinaima pamenepo ndi tochi ya foni, palibe woyankhula.

Chonde, tsiku limene mwalandira makiyi a nyumba, musanamasule ndi chikwama chomwe, jambulani mita. Jambulani tsamba lililonse, nambala ya mita ioneke, ya magetsi ndi ya gasi. Kenako imbirani kampani tsiku lomwelo muwauze kuti mwalowa. Ife sitinajambule, ndipo zotsatira zake muzimva kutsogoloku.

Kupeza kampani imene ikutipatsa magetsi kunali kosavuta chifukwa dzina lake linali pa malisiti a kushopu. Ngati mulibe lisiti, ya gasi mumaipeza pa tsamba la Find My Supplier, pomwe ya magetsi mumafunsa kampani yosamalira mawaya a m'dera lanu, kuno ku Leeds ndi Northern Powergrid. Ndinaimba, ndinadikira pa mzere mphindi 50, ndinafotokoza. Anati nditumize pangano la lendi, atsegula akaunti m'dzina langa, ndipo anandipatsa manambala akuti ndikaonetse pa shopu iliyonse ya PayPoint (mashopu othirako ndalama pa kiyi ndi khadi), akandipatsa kiyi watsopano amene akafufute ngongoleyo. Mawu akuti “iliyonse” amenewo ndi amene anandidyera tsiku lathunthu.

Linali Lachinayi, ndipo ndinali ndi shifiti ya maola 12. Ndinaipereka kwa mnzanga poganiza kuti pofika masana ndikhala nditamaliza, mwina n'kupezako theka la shifiti kwina. Shopu ya pakona inati iwo amangothira ndalama, makiyi sasunga. Yachiwiri inali ndi makiyi a kampani ina. Yachitatu mnyamata wa pa kauntala sanamvepo n'komwe za zimenezi, anati ndidikire abwana ake, ndinadikira ola lathunthu ndikuyang'ana mashelefu, abwanawo atafika anangopukusa mutu. Mvula ya Januwale ikugwa, yozizira yolowa mpaka m'mafupa. Ndinakwera basi kupita ku Beeston chifukwa wina anati kumeneko ziliko. Kunalibe. Shopu yachisanu inali ndi kiyi mmodzi, koma makina anakana manambala anga katatu. Ndinaimbanso ndili chilili panja pa shopuyo, zala zitauma, kudikiranso mphindi 40, ndiye munthu wina n'kundiuza mosatekeseka kuti mnzake uja analakwitsa polemba manambalawo, ndipo kiyi angonditumizira pa positi, afika m'masiku atatu kapena asanu. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire m'mawa kuti ndi mashopu ati amene ali ndi makiyi awo. Anati mndandanda ulipo, ndikanafunsa. Ndikanafunsa bwanji chinthu chimene sindikudziwa kuti chilipo? Pa £11.44 pa ola, tsiku limenelo ndinataya ndalama zoposa £137, kuposa £119 ija imene inali itadulidwa. Ndipo masiku asanu odikira positiwo tinapitiriza kugwiritsa ntchito kiyi wakale, mita ikudulabe.

Ndiye musachoke pakhomo musanawauze kuti akutchulireni mashopu enieni amene amasunga makiyi awo, ndipo muwerengereni munthuyo manambala aja mobwereza asanadule foni. Kiyi akafika, muyambe mwamulowetsa m'mita n'kumusiya kwa mphindi imodzi musanapite naye kushopu, kuti mita imudziwe.

Ndaiwala za gasi. Kumeneko kunalibe ngongole ya munthu, koma nyumba inakhala yopanda anthu miyezi iwiri isanafike Seputembala, ndipo standing charge inkangounjikana. Titathira £20 yoyamba mu Okutobala, mita inameza mbali yaikulu nthawi yomweyo, ife n'kumaganiza kuti gasi wa kuno ndi wodula choncho. Ndalama ya masiku amene nyumba inali yopanda anthu si ya wolowa kumene, ndi ya mwini nyumba. Ndipo dziwani kuti chilimwe chikafika, ngakhale musayatse hita ndi tsiku limodzi, muzithirako kangachepe ku gasi, apo ayi kuzizira kukadzayamba mudzapeza dzenje. Chimodzimodzi emergency credit, ndalama yochepa imene mita imakubwerekani yanu ikatha: imakupulumutsani usiku, koma ndi ngongole, imabwezedwa yonse mukangothira.

Pamene ndinapempha kuti atibwezere £119 ija, funso loyamba linali lakuti, “Muli ndi chithunzi cha mita cha tsiku lolowa?” Tinalibe. Malisiti tinali nawo ochepa chabe, ambiri tinataya. Anayamba kuwerengera mongoyerekeza, ndipo nkhani inayenda pang'onopang'ono ngati nkhono. A Citizens Advice, amene amathandiza kwaulere, anandiuza kuti ndilembe dandaulo lenileni pa imelo, ndilitchule kuti ndi dandaulo, ndisunge tsiku. Pakatha milungu isanu ndi itatu osathetsa, kapena akakulemberani kuti afika pomaliza, muli ndi ufulu wopita kwa Energy Ombudsman, bungwe loima palokha loweruza madandaulo otere, nakonso n'kwaulere. Sabata yachisanu ndi chiwiri, nditangowakumbutsa a kampaniwo za ufulu umenewu, anabweza £98. Yotsalayo anati palibe umboni. Chithunzi chimodzi chikanatseka pakamwa aliyense. Jambulani mita, abale anga.

Pofika apa tonse anayi tinagwirizana kuti kampani imeneyi tisiyane nayo. Nditawauza a landilodi mwaulemu, anakana. “Ayi, nyumba zanga zonse zili ku kampani imodzi, simungasinthe.” Ndinatsala pang'ono kugonja, chifukwa munthu ukakhala pa viza ya ntchito suufuna mkangano ndi mwini nyumba. Koma malamulo a Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi kuno, ndi omveka: ngati ndinu amene mumalipira kampani mwachindunji, ufulu wosankha kampani ndi wanu. Pangano la lendi lingathe kunena kuti muwadziwitse eni nyumba, koma iwo sangakukanizeni popanda chifukwa chomveka. Zimasiyana ngati a landilodi ndi amene amalipira kampani n'kumakulipiritsani inu. Pamenepo wosankha ndi iwo, koma saloledwa kukugulitsani magetsi pa mtengo woposa umene iwo agulira. Ndinawalembera imelo yaifupi: “Bambo, tikukudziwitsani kuti tisintha kampani, mita sitiikhudza.” Anayankha ndi mawu amodzi okha ovomera.

Za mita ndinanena dala. Kusintha kampani ndi nkhani ina, kuchotsa mita yolipiriratu n'kuika yolipira pamwezi ndi nkhani inanso, ndipo pa yachiwiriyi eni nyumba angathe kufuna kuti podzatuluka mudzabwezeretse mmene munapezera. Tinakambirana usiku wina wonse. Mnyamata uja ankafuna direct debit, yoti kampani izidula yokha ndalama kubanki mwezi ndi mwezi. Ine ndinakana, chifukwa akaunti ili m'dzina langa, ndipo wina akadzasamuka osalipira gawo lake, kampani idzasaka ine. Komanso makampani ambiri amayamba ayang'ana mbiri yanu ya ngongole, imene ife obwera kumene tilibe. Kale olipiriratu ankalipira mtengo wokwera kuposa anzawo, koma kuyambira Julaye 2023 kusiyana kumeneko kunachotsedwa, ndiye sindinaone chotithamangitsa. M'nyumba yogawana, mita yolipiriratu imateteza ubale, bola ikhale yoyera.

China chimene ndinaphunzira mochedwa: tikanayesa kusintha mu Januwale, zikanakanika. Munthu wa mita yolipiriratu amaloledwa kusamuka ndi ngongole yake kupita nayo ku kampani yatsopano ngati siyikupitirira £500 pa magetsi ndi £500 pa gasi. Ija inali £612, ndiponso sinali yathu. Choncho yambani mwayeretsa akaunti, kusintha kubwere pambuyo.

Kusinthako pakokha sikunavute. Anafuna adiresi, nambala ya MPAN ya magetsi ya manambala 13, ndi MPRN ya gasi, zonse zinali pa kalata yotsegulira akaunti. Muli ndi masiku 14 oti mungasinthe maganizo, ndipo kusamukako kumayenera kutheka m'masiku asanu a ntchito. Akachedwa popanda chifukwa amayenera kukulipirani £40. Ife anatisamutsa pa nthawi yake, kiyi ndi khadi zatsopano zinafika tsiku lisanakwane. Kampani yakale ili ndi milungu isanu ndi umodzi yotumiza bilu yomaliza, ndipo ngati muli ndi smart meter, mita yamakono yolumikizana yokha ndi kampani, funsani bwino za ndalama yotsala m'mita, chifukwa kawirikawiri imabwezedwa ndi kampani yakale m'malo mosamuka nanu, ndiye musathire zambiri tsiku losintha likayandikira.

Cholakwika chomaliza chinachitika Loweruka. Kiyi wakale ndinamusiya pa windo pomwe paja. Amayi a ku Mzimba, pochokera ku shifiti ya usiku ali otopa, anamutenga n'kukathira £30, ndalama n'kupita ku kampani imene tasiyana nayo. Anabwera akunjenjemera, “Achemwali, ndalakwitsa.” Ndinawauza kuti wolakwa ndi amene anasiya kiyiyo poyera, ndipo lisiti asalitaye. Ndalijambula, ndatumiza ku makampani onse awiri, ndipo akuti ndalamayo ibwera. Kiyi ndi khadi zakale ndazikulunga mu envelopu n'kuzitsekera m'sutikesi yanga. Pa chitseko cha furiji tamatapo pepala la masiku, mayina athu anayi ndi ndalama imene aliyense wathira, ndipo Lolemba lililonse mmodzi wa ife amatsika ndi foni kukajambula mita. Sabata ino chilembo S chikuonetsa £0.00.