Kugona pa nangula mumtsinje wa ku Quelimane

Ife a ku Blantyre timadziwa kuti madzi amatsika basi. Mudi amatsika, Shire amatsika, ndipo nyanja ya Malawi imakwera ndi mvula n'kumaphwa pang'onopang'ono m'chilimwe. Mtsinje woti m'mawa ukukwera kumtunda, masana n'kutembenuka, ambiri sitinauone. Komatu suli kutali. Mukatulukira pa Muloza n'kudutsa Milange, Mocuba ndi Nicoadala, mufika ku Quelimane, pamtsinje wa Bons Sinais, makilomita pafupifupi 25 kuchokera kunyanja ya mchere.

Ine ndimakonza injini za dizilo ku Ndirande. Bambo wina amene timamukonzera magalimoto ali ndi boti ya matanga kumeneko, ndipo anandiitana injini yake itavuta. Titamaliza anati tikaiyese kumunsi kwa mtsinje, tigone konko. Woyendetsa anali mkulu wina wa ku Milange, wa Chichewa chomveka bwino, ndipo ntchito yakutsogolo kwa boti anaipereka kwa ine.

Tisanagwire nangula tinayamba tatsegula foni kuona ndandanda ya nthawi za madzi. Madzi a m'nyanja amalowa mumtsinje kwa maola 6 ndi mphindi zochepa, n'kutuluka kwa nthawi yomweyo, kawiri pa tsiku. Mawa lake zonse zimachedwa ndi mphindi pafupifupi 50, poti amene amakoka madziwo ndi mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, umakokera limodzi ndi dzuwa, ndiye madzi amadzaza kwambiri, kuphwanso kwambiri. Gombe la Mozambique la chapakatili ndi loopsa pa zimenezi: ku Beira kusiyana kwa pakudzaza ndi pakuphwa kumatha kupitirira mamita 6.

Kenako malo. Pakati pa mtsinje ndi njira ya sitima zopita padoko, simugonapo. Kunja kwa khona nkozama koma madzi amathamanga. Mkati mwa khona mumaoneka bata, koma ndi momwe mumasanduka bwalo la matope madzi akaphwa. Tinasankha m'mphepete mwa njirayo pamalo owongoka, ndipo tinazungulira pang'onopang'ono maso ali pa makina oyezera kuya. Kuzungulirako nkofunika, chifukwa boti pa nangula ili ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo: kulikonse kumene chingwe chikufika, nayonso ifikako.

Tsopano masamu, omwe ndi mtima wa nkhani yonseyi. Makina ankaonetsa mamita 5. Mkulu uja anandifunsa, "Achimwene, mamita 5 a nthawi yanji?" Malinga ndi ndandanda, madzi anali pakatikati, akutuluka. Anali oti atsikanso mamita 2, ndipo akamadzabwerera adzakwere mamita 2 pamwamba pa pomwe tinawapeza. Ndiye pakuphwa patsala mamita 3. Boti yathu imalowa m'madzi mamita 1.8, choncho pansi patsala malo okwanira. Pakudzaza pakhala mamita 7, kuwonjezera mita imodzi kuchokera pamadzi kufika pomwe tcheni chimatulukira, akwana 8. Lamulo lake nloti tcheni chitalike kanayi kuposa pamenepo, kutanthauza mamita 32. Chikanakhala chingwe chabe bwenzi tikuchulukitsa ka 6 kapena ka 7. Mkulu uja anati titulutse 40 chifukwa madzi a usiku umenewo anali amphamvu. Nangula amagwira akamakokedwa chogona pansi. Tcheni chikafupika chimamukokera m'mwamba, ndipo amazuka. Munthu amene wayeza tcheni chake ndi madzi amadzulo, pakati pa usiku chimamufupikira iye ali m'tulo.

Poponya, boti imaloza kumene madzi akuchokera, osati kumene mphepo ikuchokera, chifukwa mumtsinje wotere madzi ndiwo amalamula. Woyendetsa anaiimitsa, ine n'kutsitsa nangula mpaka kugunda pansi. Samponya mwachisawawa ayi. Tcheni chikaunjikana pamwamba pake chimamukola ndipo sagwira. Madzi atayamba kutibweza ndinkatulutsa pang'onopang'ono ndikuwerenga utoto womwe anapaka pa mamita 10 aliwonse. Titafika 40 ndinamanga, iye n'kuika injini m'mbuyo, poyamba mofatsa, kenako mwamphamvu. Anandiuza kuti ndiponde tcheni kunja kwa chomangira. Nangula akamakwekwereka, tcheni chimanjenjemera ndi kudumpha pansi pa phazi. Chathu chinakungika n'kukhala zii. Tinasankhanso mtengo wa kokonati wakutsidya womwe unalunjikana ndi nyali ya nsanja ya foni kumbuyo kwake. Ziwirizo zikasiyana madzi asanatembenuke, ndiye kuti tikuyenda.

Mwini boti anafuna nangula wachiwiri. Njira imeneyo ilipo: mmodzi kumtunda, wina kumunsi, onse omangidwa kutsogolo, kuti boti izitembenukira pamalo amodzi. Imathandiza pamene mtsinje wapanikizika. Ife malo tinali nawo, ndipo mkulu uja anakana, amvekere, "Bwana, mawa tidzataya m'mawa wonse tikumasula zopotana." Ine ndinali mbali yake.

Zotsalazo nzachangu. Tinakoleka chingwe cha nayiloni patcheni kuti chizilandira kugwedezeka, tinayatsa nyali yoyera yooneka mbali zonse pamwamba pa mlongoti kuti asodzi a m'mabwato atione, ndipo tinatchera alamu ya GPS, yomwe imalira boti ikatuluka m'bwalo lomwe mwaiikira. Udzudzu wa m'mitengo yomera m'matope a m'mphepete mwa mtsinje ndi wina, neti musaiwale.

Nthawi yovuta ndi pamene madzi akutembenuka, ndipo imeneyo simugona. Tinatchera wotchi kuti itidzutse madzi asanaime. Akaima, boti imasowa choigwira, imangoyendayenda ndi mphepo, tcheni chikukhululuka pansi, phokoso lake likumveka m'boti monse. Kenako madzi amayamba kubwerera, boti imazungulira mpaka kuloza kumene inafulatira, ndipo nangula amayenera kutembenuka m'matope n'kulumanso. Ambiri amakokoloka pamenepa. Tinadikira mpaka boti itakhazikika, ndinapondanso tcheni, n'kusankha zizindikiro zatsopano kumtunda, popeza tinali titasuntha mamita ambiri kuchoka pamalo oyamba. Alamu ya GPS nayo mukaipatsa bwalo laling'ono imalira pachabe nthawi imeneyi. Bwalo lake likhale tcheni chonse kuphatikiza kutalika kwa boti.

Sitinagone nthawi yomweyo mpaka kucha ayi. Madzi sathamanga mofanana: ola loyamba amayenda pang'ono, koma theka la madzi onse limadutsa mu ola lachitatu ndi lachinayi. Pamenepo ndinadzukanso kukaona ngati zizindikiro zikadali pamzere.

M'mawa tinadikira kuti madzi aphwe n'kuimanso, kenako tinazula. Woyendetsa ankasendeza boti kutsogolo ndi injini, ine ndikumulozera ndi dzanja kumene tcheni chapita, chifukwa mawu samveka. Chitaimirira chilili ndinamanga, boti yokha n'kumuzula nangula m'matope. Anatuluka ndi thope lakuda lonunkha, ndipo tinamutsuka ndi ndowa asanalowe m'malo mwake. Tinabwerera ku Quelimane madzi akulowa, akutikankha kumbuyo, injini ikuyenda pa theka la mphamvu zake.