Msodzi uja wa ku Makhanga

Dzulo pamaliro ku Bangula ndinamva wina akuti munthu wosapemphera alibe chifundo. Zinandiwawa, abale anga. Mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, Ruo ndi Shire atasefukira, amene anatitsitsa mumtengo wa mango ku Makhanga ndi bambo wina msodzi yemwe sapondako kutchalitchi ngakhale kumzikiti. Anapalasa bwato usiku wonse, manja ali matuza okhaokha, osapempha ngakhale tambala. Kukampu, mkulu wina wa mpingo ankapatula ufa wa thandizo n'kumapatsa akwawo okha. Ine ndimapemphera, ndili m'kwaya, ndipo amayi a mpingo wathu anatiphikira phala mpaka madzi anaphwa, sindidzaiwala. Koma za msodzi uja, musadzanenenso zotere pamaso panga.