Mbamu zitatu: mmene ndinadutsira opaleshoni yochepetsa chifu

Ndimagulitsa mpunga pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo sikelo imene inandiuza zoona ndi yomweyo yoyezera matumba. Madzulo ena mu 2023, anyamata ataweruka, ndinatseka chitseko n'kukwerapo. Muvi unakaima pa makilogalamu 118, pomwe msinkhu wanga ndi mamita 1.60 basi. N'kuti ndili ndi zaka 43, ndikumwa metformin wa shuga ndi mitundu iwiri ya mankhwala a BP. Maondo ankaphwanya, ndipo bambo a kunyumba ankandigwedeza pakati pa usiku chifukwa mkonono unkangoduka, ine zii osapuma. Pamsika anthu ankati, "Mayi, ndalama zikuoneka." Ndinkamwetulira, koma kuchoka pa depoti kufika pa shopu ndinkaima kawiri, wefuwefu.

Pofufuza za opaleshoniyi, zonse zimene ndinkawerenga zinkatchula zakudya zomwe kuno kulibe. Panalibe wondiuza chochita ndi nsima, kapena choyankha pamaliro akakuikira mbale patsogolo. Ndi zimenezo ndikufuna kufotokoza, kuyambira poyambira.

Ndinayamba ndi dokotala wanga wa shuga ku Lilongwe. Anatenga cholembera n'kuwerengera BMI, muyezo woyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, ine ndikuona: makilogalamu kugawa ndi msinkhu wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Panatuluka 46. Anandiuza kuti kwa zaka zambiri madokotala ankavomera opaleshoni kwa munthu amene wafika 40, kapena 35 ngati ali ndi matenda monga shuga, ndipo kuti mu 2022 malangizo atsopano anatsitsako malirewo. Kenaka anandifunsa zimene ndinayesapo. Ndinamuwerengera: kusiya chakudya chamadzulo, madzi a mandimu m'mawa, tiyi wochepetsa thupi amene ndinagula kwa mayi wina wa pa Facebook, kuyenda m'mbandakucha mumsewu wopita ku Senga Bay. Makilogalamu asanu ankachoka, asanu ndi atatu n'kubwerera.

Anandijambulira mitundu iwiri ya opaleshoniyi papepala. Wina ndi gastric bypass, pomwe amasiya kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ndi matumbo, chakudya n'kumalambalala mbali ina. Winawo ndi sleeve gastrectomy: amadula n'kuchotseratu pafupifupi magawo anayi mwa magawo asanu a chifu, chotsalacho n'kukhala ngati nthochi. Mbali yochotsedwayo ndi imenenso imapanga kwambiri ghrelin, kamichere ka m'thupi kamene kamauza ubongo kuti njala yafika, n'chifukwa chake njala imachepa. Mawu amene anatsindika ndi akuti chifu chodulidwa sichibwezeretsedwa. Ndinanyamuka nawo mawu amenewo mpaka kunyumba, makilomita pafupifupi 100 a msewu wa M14, osalankhula ndi munthu mu minibasi.

Patatha masabata awiri, namwino wa pamalopo anandiimbira kuti pali mayi wina wa ku Dwangwa amene anachitidwa sleeve zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo walola kuti ndicheze naye. Ndinakwera basi ya m'mbali mwa nyanja Loweruka lotsatira. Dzina lawo sindilemba. Ine ndimangowatchula kuti achemwali. Atandilandira, sanayambe ndi malangizo. Anaphika nsima ndi utaka, tinasamba m'manja, ndipo anati, "Idyani bwinobwino, koma muzindiyang'ana ine." Anayamba ndi nsomba, kuitafuna mpaka ine ndinayamba kuwerenga m'mutu. Ananyema kambamu kangati chala chachikulu. Kapu ya madzi anaikankhira kutali. Patadutsa mphindi ngati makumi awiri anasamba m'manja, mtanda wawo utangopunguka m'mphepete. "Mwaona? Moyo wake ndi umenewu. Mukatha kukhala nawo, pitani. Mukaona kuti ayi, musagulitse katundu wanu." Palibe pepala la dokotala limene linandiphunzitsa zambiri kuposa nkhomaliro imeneyo.

Ndinasankha sleeve, n'kuganiza zokachitira ku Mumbai, ku India, komwe iwonso anapita. Za ndalama sindibisa: tinagulitsa puloti yomwe tinkafuna kumangapo nyumba ya lendi, ndipo ndinatapa ku banki m'khonde. Ndiye mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mtengo wa chipatala unali m'madola, choncho zomwe tinasonkhanitsa zinaperewera mwadzidzidzi, ulendo n'kuimikidwa miyezi itatu. Kupeza madolawo kubanki kunalinso ntchito ina. Ndinapitako maulendo angapo ndi kalata ya chipatala ndi invoisi. Yambani msanga mbali imeneyi, musanagule tiketi. Visa ya odwala imafuna kalata yochokera ku chipatala chimene mukupita, ndipo wokudwazikani amafunika yakeyake. Ine ndinapita ndi mng'ono wanga. Tinanyamulanso timabuku tachikasu ta katemera, popeza ndege yathu kuchoka pa bwalo la Kamuzu inkadzera ku Addis Ababa.

Zoyeza zambiri ndinachitira konkuno n'kutumiza zotsatira: magazi, HbA1c yoonetsa mmene shuga wakhala akuyendera miyezi itatu yapitayo, chiwindi, impso, mtima. Masabata awiri opaleshoni isanachitike anandiika pa chakudya chochepa kwambiri, chopanda nsima, mpunga, buledi kapena shuga. Cholinga n'chakuti chiwindi chiphwe, chifukwa chimaphimba chifu ndipo chikakhala ndi mafuta ambiri chimatchinga dokotala. Tangoganizani munthu wokhala tsiku lonse pakati pa matumba a Kilombero, fungo lili guu, iye akudya mazira owiritsa ndi chisoso. Tsiku lachinayi mutu unkawawa, ndinkakalipira aliyense. Ndinawaimbira achemwali ndikulira, iwo n'kuti, "Tsiku lachisanu ndi chimodzi kumapepuka. Imwani madzi, kagoneni." Zinaterodi. Amene mumamwa mankhwala a shuga, musayambe kadyedwe kameneka popanda dokotala kusintha mlingo wa mankhwala, shuga angakutsikireni moopsa.

Za tsiku la opaleshoni ndikukumbuka zochepa. Anandiveka masokosi othina oteteza kuundana kwa magazi, anandigonetsa, ndipo nditadzuka ndinali ndi timabala tisanu pamimba, tating'ono ngati tophimba ndi pulasitala. Sang'amba mimba, amalowetsa kamera ndi zipangizo kudzera m'timabooto. Chimene chinandidabwitsa ndi kupweteka kwa phewa, kochokera ku mpweya umene amapopera m'mimba kuti aone bwino. Madzulo omwewo namwino anandidzutsa kuti ndiyende m'khonde, dilipi ili m'manja. Sindinkafuna, koma kuyendako ndiko kumateteza magazi kuundana m'miyendo. Ndinagona masiku atatu m'chipatala, n'kukhalanso masiku ena pafupi nacho ndisanaloledwe kukwera ndege. Potuluka dokotala anandilembera zizindikiro zoti ndikaziona ndithamangire kuchipatala osadikira kucha: mtima kugunda mothamanga kwambiri, kutentha thupi, kupweteka kwa m'mimba komwe kukungokulirakulira, kubanika, kusanza kosaleka. Pepalalo ndinalimata pachitseko cha kuchipinda, ndipo dokotala wanga wa ku Lilongwe ndinamupatsa lipoti lonse sabata yomwe ndinafika.

Ntchito yeniyeni inayambira kukhitchini kwanga. Masabata awiri oyamba ndi zamadzimadzi zokhazokha. Pepala la ku Mumbai linkatchula ufa wa mapuloteni wa m'zitini. Wanga unatha msanga ndipo kuno unali wodula. Achemwali ndiwo anandimasulira pepalalo kukhala chakudya cha kwathu. Msuzi wa chambo chowiritsa wopanda mafuta, wosefa kawiri. Mkaka wothiramo sipuni ya mkaka waufa kuti ukhale ndi mphamvu. Chambiko chosatsekemera. Kenaka, pofika sabata yachitatu, zopota: Likuni phala lamadzimadzi lopanda shuga, nyemba zochotsa makoko n'kuzipota ngati chipere, dzira lofewa, usipa wouma wosinja mumtondo n'kuusefa kukhala ufa wowaza m'phala. Madokotala anandiuza kuti patsiku ndizipeza magalamu osachepera 60 a mapuloteni. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6, kapu ya mkaka pafupifupi 8. Werengerani nokha muone kutalika kwake kwa munthu amene akukhuta ndi masipuni anayi. Ndinkalemba chilichonse m'kope la ngongole za makasitomala, kumasamba akumapeto.

Madzi ndiwo anandivuta koposa. Amafunika lita imodzi ndi theka patsiku, koma sungagugude. Umangopsontha pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo suloledwa kumwa pamodzi ndi chakudya, umadikira theka la ola. Kutentha kwa Salima mukukudziwa. Tsiku lina ndinatanganidwa ndi lole yotsitsa mpunga, n'kuiwala botolo. Pofika masana mkodzo unali wofiirira, maso akuchita chidima. Kuyambira pamenepo mnyamata wa mu shopu ndinamupatsa udindo: ola lililonse azindikumbutsa, "Mayi, madzi." Zakumwa za gasi ndinasiyiratu. Thobwa ndimalawa kamodzikamodzi, losathira shuga.

Nsima ndinailawanso patatha miyezi iwiri. Ndinaphika yofewa, ya ufa woyera, ndi kampango. Mbamu yoyamba inadutsa bwino, yachiwiri chimodzimodzi. Mtima unasangalala, dzanja linabwerera ku chizolowezi cha zaka makumi anayi, ndinanyema yaikulu n'kumeza osatafuna mokwanira. Inakaima pachifuwa ngati mwala. Malovu anadzadza m'kamwa, thukuta kamukamu, ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kubweza zonse. Usiku umenewo ndinalira, chifukwa ndinazindikira kuti sindidzadyanso nsima monga ndinkadyera ndi amayi anga pakhonde. Achemwali sananditonthoze ndi mabodza. Anati, "Inenso ndinailira. Yambani ndiwo, nsima ibwere pomaliza, mbamu zitatu. Mphuno ikayamba kuchucha kapena mukayamba ntchirikitiko, mwakhuta, lekerani pomwepo." Mpaka lero ndimadyera m'kambale ka mwana, ndipo mbamu zitatu ndiwo muyezo wanga.

Koma chimene palibe dokotala anandikonzekeretsa ndi maso a anthu. Kwathu kuno munthu akaonda msanga, tonse tikudziwa zimene anthu amaganiza. Pofika mwezi wachinayi, madiresi akulendewera, tsitsi likuthothoka ndikamapesa, manong'onong'o anayamba: ena akuti ndi kachilombo, ena akuti khansa, ena akuti za mankhwala a bizinesi zanditembenukira. Makasitomala awiri akale anasiya kubwera. Apongozi anga anaitanitsa mwana wawo kumudzi kukamufunsa chimene akubisa. Zinandipweteka, ndipo zinandichititsanso manyazi kukumbukira kuti inenso ndinanenapo anthu ena motero. Poyamba ndinkabisa za opaleshoniyi poopa kunenedwa kuti ndawononga puloti chifukwa chofuna kuoneka bwino. Kubisako ndiko kunkadyetsa miseche. Tsiku lina pa msonkhano wa amayi a Chigwirizano ndinaimirira n'kunena ndekha: "Amayi anzanga, ndinachitidwa opaleshoni ya chifu chifukwa shuga ndi BP zinkandipha. Ndikadya pang'ono kwanu musaone ngati ndakunyozani." Kunali chete, kenaka mayi wina wachikulire anayambitsa nyimbo.

Pamaliro ndi paukwati ndinaphunzira njira yake. Sindikana mbale. Ndimakhala pafupi ndi mng'ono wanga kapena mnzanga wodziwa, tidyere limodzi. Ine ndimatola ndiwo, ndimachedwa, ndimathokoza ophika. Akandikakamiza ndimangoti, "Adokotala anandiletsa," ndipo mawu amenewo anthu amawalemekeza kuposa kunena kuti ndakhuta.

Tsitsi linasiya kuthothoka cha m'mwezi wachisanu ndi chiwiri. Zimachitikira ambiri thupi likamatsika mofulumira, ndipo limameranso. Mavitamini ndi a moyo wonse: multivitamin, calcium ndi vitamini D, ayironi, ndi B12. Ayironi ndi calcium sindimwera limodzi chifukwa amatchingana. Ndimagula a miyezi itatu ndikapita ku Lilongwe, poopa kusowa. Brufen, diclofenac ndi Indocid anandiletsa chifukwa angathe kuyambitsa zilonda m'chifu. Mutu ukawawa ndi Panado basi. Nditadwala malungo ndinauza a kuchipatala za opaleshoniyo asanandilembere chilichonse, ndipo LA ndinkamwera mkaka, popeza amalowa bwino m'thupi ndi chakudya cha mafuta pang'ono. Amayi amene mukadali obereka, dziwani kuti amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 musanatenge pakati, ndipo thupi likatsika pakati pamatha kubwera mosavuta kuposa kale.

Patatha chaka ndi miyezi iwiri sikelo ya mpunga ija inaonetsa 79. Metformin dokotala anandisiyitsa ataona HbA1c kawiri motsatizana; wa BP ndatsala ndi mmodzi. Bambo a kunyumba amagona osandigwedeza. Khungu la m'mikono ndi pamimba likulendewera, ndipo nyengo yotentha limatupsana ndikapanda kulipukuta bwino. Chilungulira chimandipeza ndikadya mochedwa, choncho chakudya chamadzulo ndimadya dzuwa likangolowa. Njala yayambanso kubwerera pang'ono, ndipo ndaona kuti mandasi ndi bisiketi zoviika mu tiyi zimadutsa mosavuta, pomwe nsomba imakhutitsa msanga. Achemwali anandichenjeza kuti apa ndi pamene ambiri amabwerera m'mbuyo, ndiye Lamlungu lililonse madzulo timaimbirana, aliyense anene zimene wadya sabata imeneyo, osabisa.

Mwezi watha namwino uja anandiimbiranso. Pali mphunzitsi wina wa ku Chipoka, bambo wa shuga, amene akuganizira za sleeve ndipo akufuna kucheza ndi munthu amene anadutsamo. Akubwera ndi akazi awo Loweruka likudzali. Ndauza kale mnyamata wa ku Senga Bay andisungire chambo chabwino, ndipo kambale kanga ndidzakaika patebulo pomwe onse awiri angakaone.